Kuchoka pa Lembo Kufika pa Liwu: Mbiri ya Kapezedwe ka Chiwerengero cha Maphatikizo m'Mawu a Chingerezi

Mawu oyamba

Mwana amene waphunzira a, e, i, o, u n'kudutsanso ba, be, bi, bo, bu savutika akafunsidwa kuti mawu akuti "nyumba" kapena "chimanga" ali ndi maphatikizo angati. Amangoyang'ana mavawelo, omwe kusukulu amatchedwanso malembo a liwu, ndipo yankho amalipeza pomwepo: nyu-mba ndi awiri, chi-ma-nga ndi atatu. Lamulo lomweli likawolokera ku Chingerezi silipita patali. Mawu akuti "name" ali ndi malembo a vawelo awiri papepala, koma pakamwa ndi phatikizo limodzi. Mawu akuti "queue" ali ndi malembo otere anayi, komabe phatikizo ndi limodzi. Mawu akuti "rhythm" alibe ndi limodzi lomwe mwa malembo asanu aja, chonsecho maphatikizo ake ndi awiri.

Vutoli limaoneka ngati la anthu okhawo amene Chingerezi anachiphunzirira kusukulu. Mbiri ikusonyeza kuti eni chiyankhulowo analimbana nalo kwa zaka mazana angapo, kuyambira aphunzitsi a ana, alakatuli, olemba mabuku otanthauzira mawu mpaka akatswiri a ziyankhulo. Nkhani ino ikulondola mbiriyo. Mfundo yake ndi yakuti phatikizo linakhala likuphunzitsidwa ngati chinthu cha malembo, choonedwa ndi maso, kufikira pamene kalembedwe ka Chingerezi kanatalikirana kwambiri ndi katchulidwe kake, moti aphunzitsi anakakamizika kubwerera ku khutu.

Cholowa cha Agiriki ndi Aroma

Mawu a Chingerezi akuti "syllable" anachokera ku mawu a Chigiriki akuti syllabe, omwe tanthauzo lake ndi zinthu zogwiridwa pamodzi, ndipo zogwiridwa pamodzizo anali malembo. Buku la malamulo a Chigiriki lomwe limadziwika ndi dzina la Dionysius Thrax, amene anakhalako cha m'ma 100 BC, limalongosola phatikizo monga kulumikizana kwa makonsonanti ndi vawelo. N'zochititsa chidwi kuti dzina la Chichewa linatsata njira yomweyo: "phatikizo" ndi chotsatira cha kuphatikiza malembo. Mayina onse awiri anabadwira m'kalasi, pamaso pa mwana amene akuphunzira kuwerenga.

Ana a Agiriki ndi Aroma ankayamba ndi mayina a malembo, kenako maphatikizo, ndipo pambuyo pake mawu athunthu. Quintilian, mphunzitsi wa ku Roma amene analemba buku la Institutio Oratoria cha m'ma 95 AD, analangiza kuti pa maphatikizo palibe njira yachidule, mwana ayenera kuwaloweza onse, ovuta omwe. Malangizowa anali omveka chifukwa m'Chilatini malembo ndi maliwu zinkayendera limodzi. Wowerenga mavawelo papepala ankapeza chiwerengero chimene khutu linkamva, kupatula pa mavawelo ochepa ophatikana monga ae ndi au.

England inalandira njira imeneyi osaisintha. Kuyambira zaka za m'ma 1400 mpaka za m'ma 1700, ana ambiri kumeneko ankaphunzirira pa kathabwa kokhala ndi chogwirira kotchedwa hornbook. Pakathabwapo ankamatapo pepala n'kulikuta ndi kachidutswa kopyapyala ka nyanga kuti lisathe msanga. Papepalapo pankakhala malembo onse, mavawelo, Pemphero la Ambuye, ndi mizere iwiri ya maphatikizo: ab, eb, ib, ob, ub mbali ina, ba, be, bi, bo, bu mbali inayo. Mzere woyambawo, wa maphatikizo othera ndi konsonanti, ndi umene mwana wa Chichewa sakumana nawo m'chiyankhulo chake. Koma pamene kathabwaka kankafala, chiyankhulo chimene kankaphunzitsa chinali chitayamba kale kusintha.

Pamene kalembedwe ndi katchulidwe zinasiyana njira

M'nthawi ya Geoffrey Chaucer, mlakatuli amene anamwalira m'chaka cha 1400, lembo la e lakumapeto kwa mawu linkatha kutchulidwa. Mawu onga "name" ndi "time" ankatha kukhala ndi maphatikizo awiri, ndipo a wa mu "name" ankamveka ngati a wa Chichewa wotalikitsidwa. Motero mwana wa ku Dedza kapena ku Chipata amene amawerenga mawuwa kuti na-me ali pafupi ndi Chingerezi cha m'ma 1300 kuposa mmene mphunzitsi wake angaganizire. M'zaka za m'ma 1400 vawelo yakumapetoyi inazimiririka pakamwa, koma papepala inatsala.

Nthawi yomweyo mavawelo aatali a Chingerezi anayamba kusuntha, ndipo kusunthaku kunapitirira mpaka cha m'ma 1700. Katswiri wa ku Denmark, Otto Jespersen, ndiye anakupatsa dzina lakuti Great Vowel Shift. Mavawelo a mu "time" ndi "house", omwe kale ankamveka ngati i ndi u otalika, anasanduka mavawelo oyamba pena n'kuthera pena. Pakati pa kusintha konseku, William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster m'chaka cha 1476, ndipo m'zaka zotsatira osindikiza anayamba kukhazikitsa kalembedwe kamodzi. Kalembedwe kanaima, katchulidwe kanapitiriza ulendo. Mu 1582 mphunzitsi Richard Mulcaster, m'buku lake la Elementarie, analimbikitsa kuti e wosatchulidwa uja apatsidwe ntchito yosonyeza kuti vawelo yam'mbuyo mwake ndi yaitali. Ntchito imeneyi ndi imene imasiyanitsa "hop" ndi "hope", kapena "mat" ndi "mate". Lembo lomwe kale linali phatikizo linasanduka chizindikiro chabe.

Zotsatira zake zinaonekera msanga pa ndakatulo. Mzere wa Chaucer nthawi zambiri unkakhala ndi maphatikizo khumi, asanu mwa iwo otsindikidwa. Owerenga a m'ma 1600, posatchula e wakumapeto, ankapeza asanu ndi anayi kapena asanu ndi atatu. John Dryden, amene ankamulemekeza kwambiri Chaucer, analemba m'chaka cha 1700 kuti mizere yake yambirimbiri inali yopunduka chifukwa chosakwanira, ndipo ananena kuti luso la kayezedwe ka mizere linali lisanakhwime m'masiku amenewo. Panapita zaka 75 kuti mlanduwu uweruzidwenso. Thomas Tyrwhitt, potulutsa The Canterbury Tales mu 1775, anasonyeza kuti e uja akatchulidwa pamalo ake mizere yambiri imakwanira bwinobwino. Amene anaphonya chiwerengero anali owerenga, chifukwa anawerenga malembo akale ndi katchulidwe katsopano.

Mchira wa -ed unayendanso njira yomweyo. Kale unali phatikizo palokha, moti mawu onga "walked" anali ndi maphatikizo awiri. M'masewero a William Shakespeare mchirawu umatchulidwa pena, pena ayi, malinga ndi zofuna za mzere, ndipo ngakhale -tion amatha kukhala maphatikizo awiri kumapeto kwa mzere. Mu 1712 Jonathan Swift anadandaula poyera kuti kumeza vawelo ya -ed kunali kuwononga chiyankhulo pounjika makonsonanti ovuta kutchula. Dandaulo lakelo silinaletse kanthu. Lero -ed amawonjezera phatikizo pokhapokha akatsatana ndi liwu la t kapena d, monga mu "wanted" ndi "needed". Katchulidwe kakale kanatsalira m'mawu ochepa ofotokozera monga "wicked", "naked" ndi "learned" akamanena za munthu wophunzira kwambiri.

Dilworth ndi Webster

Ngakhale zinthu zinasintha chotero, mabuku ophunzitsira ana anapitiriza kudalira phatikizo monga makwerero. Edmund Coote mu The English Schoole-Maister ya 1596, The New England Primer ya cha m'ma 1690 ku America, ndi Thomas Dilworth mu A New Guide to the English Tongue ya 1740, onse anasanja mawu potsata kutalika kwake: a phatikizo limodzi poyamba, kenako a awiri, a atatu, mpaka mawu ataliatali a m'Baibulo ndi a zamalamulo. Mwana ankatchula dzina la lembo lililonse, n'kutchula phatikizo, n'kupita pa phatikizo lotsatira, kenako n'kunena mawu onse. Kudziwa chiwerengero cha maphatikizo kunali muyeso wa pamene mwana wafika pa maphunziro ake.

Chovuta chinali chakuti Dilworth ndi anzake ankadula mawu potsata malamulo a Chilatini. Lamulo lina linkati konsonanti yokhala pakati pa mavawelo awiri ipite ku phatikizo lachiwiri, ndipo makonsonanti amene angathe kuyamba mawu asalekanitsidwe. Mwana ankaona ha-bit ndi clu-ster, ndipo popeza vawelo yotsiriza phatikizo m'Chingerezi imakonda kutalika, kadulidweka kankamusocheretsa pa katchulidwe. Ankaonanso na-ti-on, maphatikizo atatu, pamene aliyense ankanena awiri.

Noah Webster, mphunzitsi wachinyamata wa ku Connecticut, anatsutsa zimenezi m'buku lake la masipelo la 1783, lomwe pambuyo pake linatchedwa The American Spelling Book ndipo linatchuka ndi chikuto chake cha buluu. Iye anati mawu adulidwe monga mmene amatchulidwira. Analemba hab-it ndi clus-ter, ndipo -tion anamuwerenga ngati phatikizo limodzi. Bukuli linagulidwa makope mamiliyoni ambiri m'zaka za m'ma 1800, ndipo kudzera mwa ilo mfundo yakuti khutu ndilo woweruza inalowa m'kalasi. Ku Britain ntchito yofananayo inagwiridwa ndi mabuku osonyeza katchulidwe, monga la Thomas Sheridan la 1780 ndi la John Walker la 1791, omwe ankalembanso mawu aliwonse m'njira yosonyeza mmene amamvekera.

Akatswiri a maliwu afunafuna phatikizo

Khutu litapatsidwa udindo woweruza, panabuka funso lina: kodi chimene khutulo limawerenga n'chiyani? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Eduard Sievers wa ku Germany, ndipo pambuyo pake Jespersen mu 1904, anayankha kuti maliwu amasiyana mphamvu ya kamvekedwe. Mavawelo amamveka kwambiri, kenako l ndi r, kenako m ndi n, ndipo p, t ndi k ali pansi penipeni. Mawu akamatchulidwa kamvekedwe kamakwera ndi kutsika ngati mapiri, ndipo nsonga iliyonse ndi phatikizo. Mu "plant" kamvekedwe kamakwera kuchoka pa p kudzera pa l kufika pa vawelo, n'kutsika kudzera pa n kufika pa t: nsonga imodzi, phatikizo limodzi. Maganizowa amalongosola chifukwa chake "rhythm", "button" ndi "little" ali ndi maphatikizo awiri, pakuti m, n ndi l akumapeto amamveka kuposa konsonanti yam'mbuyo mwawo ndipo amapanga nsonga yawoyawo. Komabe amapunthwa pa mawu onga "stop" ndi "spy", momwe s amamveka kuposa t kapena p, koma palibe amene amamva maphatikizo awiri.

R. H. Stetson wa ku Oberlin College, m'buku la Motor Phonetics la 1928, anafunafuna yankho m'chifuwa. Iye anati phatikizo lililonse ndi kukankha kumodzi kwa mpweya kochitidwa ndi minofu ya pakati pa nthiti. Maganizowa anaphunzitsidwa kwa zaka zambiri, kufikira pamene Peter Ladefoged ndi anzake ku Edinburgh, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anayeza minofuyo ndi zipangizo zamagetsi napeza kuti kukankhako sikugwirizana ndi maphatikizo limodzi ndi limodzi. Mu 1968 Noam Chomsky ndi Morris Halle analemba The Sound Pattern of English osalipatsa phatikizo malo enieni m'malamulo awo. Linabwereranso mwamphamvu ndi kafukufuku wa Daniel Kahn wa 1976 ku MIT, amene anasonyeza kuti malamulo ambiri a katchulidwe ka Chingerezi, monga kusiyana kwa t wa mu "top" ndi t wa mu "stop", amalongosoleka mosavuta munthu akadziwa malo a liwu m'phatikizo.

Pa mkangano wonsewu panatuluka phunziro lothandiza mphunzitsi: kupeza chiwerengero n'kosavuta kusiyana ndi kupeza malire. Oyankhula onse amavomereza kuti "happy" ali ndi maphatikizo awiri, koma p ali mbali iti? J. C. Wells, mu Longman Pronunciation Dictionary ya 1990, anasankha kukankhira makonsonanti ku phatikizo lotsindikidwa, pamene mabuku ena amawakankhira kutsogolo. Ndiponso pali kagulu ka mawu komwe ngakhale chiwerengero sichikhazikika. "Fire" ndi "hour" ena amamva phatikizo limodzi, ena awiri. "Camera", "family" ndi "chocolate" amataya phatikizo lapakati munthu akamayankhula mofulumira. "Secretary" amakhala ndi maphatikizo atatu pakamwa pa anthu ambiri a ku Britain koma anayi ku America, ndipo ku Ireland "film" amamveka ndi awiri. M'mawu otere yankho limadalira amene akuyankhula.

Ana ogogoda patebulo

Kafukufuku amene anasintha kwambiri kaphunzitsidwe anachitika ndi Isabelle Liberman ndi anzake mu 1974 ku Connecticut. Iwo anapatsa ana kamtengo n'kuwauza kuti agogode patebulo kamodzi pa phatikizo lililonse, ndipo gulu lina kamodzi pa liwu lililonse. Mwa ana a zaka zinayi, 46 pa 100 alionse anakhoza kugogoda maphatikizo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhoza maliwu. Pa zaka zisanu ziwerengero zinali 48 ndi 17, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi, ana atayamba kuphunzira kuwerenga, zinafika pa 90 ndi 70. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana amamva maphatikizo asanadziwe lembo lililonse. Kuomba m'manja, kuika dzanja kunsi kwa chibwano kuti munthu amve kutsika kwa nsagwada, ndi kung'ung'udza mawu pakamwa pali potseka, zonsezi ndi njira zodalira luso limene mwana amabwera nalo kuchokera kunyumba.

Kuwerenga maphatikizo kunapezanso ntchito kunja kwa kalasi. Mu 1948 Rudolf Flesch anakonza njira yoyezera kuvuta kwa nkhani yolembedwa poona kutalika kwa ziganizo ndi chiwerengero cha maphatikizo pa mawu aliwonse, ndipo mu 1975 J. Peter Kincaid ndi anzake anaikonzanso pothandiza asilikali a pamadzi a ku America. Muyesowu unalowa m'mapulogalamu a kompyuta olembera. Mapulogalamu ambiri otere amangoyerekeza chiwerengero poyang'ana magulu a malembo a vawelo n'kuchotsapo e wakumapeto, zomwe zikutanthauza kuti makina anabwerera ku njira ya maso. Muyesowu unakonzedwera Chingerezi chokha. Utagwiritsidwa ntchito pa Chichewa, mawu osavuta ngati "sindinamuone", omwe ndi chiganizo chathunthu cha maphatikizo asanu ndi limodzi, angaoneke ngati ovuta zedi.

Wophunzira amene chiyankhulo chake ndi Chichewa

Njira yakale ya lembo, phatikizo, mawu inafika m'dera lino ndi sukulu za mishoni, kuyambira Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Kuno inapeza nthaka yoiyenera, pakuti phatikizo la Chichewa limathera ndi vawelo ndipo kalembedwe kamatsata katchulidwe. Amene anaphunzira ndi buku la Sosa amaikumbukira njirayi. Eddie Williams, pofufuza za kuwerenga m'sukulu za ku Malawi ndi Zambia m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti ana a ku Malawi, omwe ankayamba kuwerenga m'Chichewa kudzera m'maphatikizo, ankawerenga chiyankhulo chawo bwino kuposa anzawo a ku Zambia, komwe nthawi imeneyo ana ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1. Pa Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni. Njira imene inalephera kugwira bwino Chingerezi inagwira bwino Chichewa.

Mphamvu yomweyi ndi imene imasanduka chopunthwitsa mwana akafika pa Chingerezi. Chichewa sichilola makonsonanti ounjikana monga skr kapena str, ndiponso sichilola mawu kuthera ndi konsonanti. Mawu obwerekedwa amasonyeza mmene chiyankhulo chimakonzera vutoli powonjezera mavawelo. "School", "store" ndi "bread", omwe ali ndi phatikizo limodzi, anasanduka su-ku-lu, si-to-lo ndi bu-le-di. "Strike" anakhala si-ta-la-ka, "blanket" anakhala bu-la-nge-ti, ndipo "Christmas", wa maphatikizo awiri, anakhala Khi-ri-si-ma-si, wa asanu. M'Chichewa mawu amenewa ndi olondola ndipo ndi chuma cha chiyankhulo. Koma mwana amene amanyamula katchulidwe kameneka kulowa nako m'Chingerezi akauzidwa kuti aombe m'manja pa "school" adzaomba katatu, ndipo sanalakwitse kuwerenga: wawerenga zimene pakamwa pake panena. Kuomba m'manja kumayeza katchulidwe ka woombayo. Choncho ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndi kuonetsetsa kuti mwana wamva mawuwo akutchulidwa bwino kangapo asanawaone pabolodi.

Palinso zimene mwanayu amadziwa kale zomwe zingamuthandize. Laura Downing ndi Al Mtenje, m'buku la The Phonology of Chichewa la 2017, akufotokoza za m amene amaima payekha ngati phatikizo, monga mu m-te-ngo ndi m-pa-ndo, komwe mu- wakale anataya vawelo yake. Mwana amene amamva maphatikizo atatu mu "mtengo" ali ndi poyambira pomvetsa m wakumapeto kwa "rhythm" ndi n wakumapeto kwa "button". Mphunzitsi angathenso kuika mawu obwerekedwa pambali pa makolo awo a Chingerezi, sukulu pambali pa "school", galasi pambali pa "glass", kuti ophunzira amve okha mavawelo amene Chichewa chinawonjezera.

Luso limeneli lili ndi ntchito zenizeni. Kusankha pakati pa -er ndi "more" poyerekeza zinthu, monga "taller" ndi "more beautiful", kumadalira kwambiri chiwerengero cha maphatikizo. Kudziwa malo otsindika, komwe kumasiyanitsa "record" dzina ndi "record" mneni, kumafuna kuti munthu ayambe wadziwa maphatikizo. Wophunzira wa sekondale amene akuwerenga sewero la Shakespeare sangamve kayendedwe ka mzere ngati akuwonjezera mavawelo amene mlembi sanawawerenge.

Mawu omaliza

Kuchokera kwa Quintilian mpaka kwa Dilworth, phatikizo linali malembo ophatikizidwa, ndipo tanthauzo limeneli linkakwanira malinga ngati kalembedwe kankatsata katchulidwe. Chingerezi chinasunga kalembedwe ka m'ma 1400 pamene katchulidwe kake kanasintha, ndipo zinatengera Tyrwhitt, Webster, akatswiri a maliwu ndi ana ogogoda patebulo kuti zidziwike bwino kuti chowerengedwa ndi nsonga za liwu. Dzina lakuti "phatikizo" likadali loyenera pa Chichewa, koma amene amaphunzitsa aphunzitsi m'makoleji a m'dera lino ayenera kuwachenjeza kuti lamulo lowerenga mavawelo papepala limathera pakhomo la kalasi ya Chichewa. M'phunziro la Chingerezi mawu ayambe amvedwa, kenako atchulidwe, awombedwe m'manja, ndipo kulembedwa kubwere pambuyo.